M'bale wa Madzi Amene Amadya Galasi

Mwa zinthu zamadzimadzi zimene akatswiri a sayansi amasunga m'nyumba zawo zofufuziramo, n'zowerengeka zimene zimafanana ndi madzi akumwa pamaso koma n'kusiyana nawo kutalitali pakhalidwe, monga amachitira mankhwala otchedwa hydrogen fluoride, amene m'mabuku amalembedwa mwachidule ndi zilembo ziwiri zokha, HF. Mankhwalawa alibe mtundu, munthu amaona mpaka pansi pa chotengera monga aonera m'madzi a pakasupe, ndipo lita imodzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, monganso madzi. Koma wowathira m'botolo lagalasi adzapeza botololo likudyeka pang'onopang'ono, ndipo wowakhudza ndi chala chosavala kanthu angataye chalacho, kapena moyo umene. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe si kuopsa kokha kumene kwachititsa anthu anzeru a mibadwo ingapo kuthera masiku awo pa HF. Molekyu yake, ndiko kunena kachidutswa kochepetsetsa kamene kadakali ndi khalidwe la mankhwalawo, ili ndi maatomu awiri okha, ina ya haidrojeni ndi ina ya fluorine, kotero kuti munthu angayese kuti kanthu kochepa chotere kadadziwika kale mbali zonse. Pamene zoona zake n'zakuti ngakhale makompyuta amphamvu a masiku ano akalimbana nako. Chifukwa chake ndicho nkhani yathu lero: molekyu ya HF ikakhala yokha ili ndi khalidwe lina, ikalowa pakati pa zinzake imasandulika, ndipo aliyense wofuna kuimvetsa sangaiphunzire payokha.

Amene adalipira ndi matupi awo

Gwero la HF ndi mwala wotchedwa fluorspar, umene osula a ku Germany ankauponya m'ng'anjo zawo zaka mazana asanu zapitazo kuti miyala yachitsulo isungunuke msanga. M'chaka cha 1771, Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden adautenthetsa mwalawu pamodzi ndi asidi wa sulfuric, naona utsi wotulukamo ukudya galasi la chiwiya chimene ankaphikiramo. Njira yakeyo ndiyo itsatidwabe m'mafakitale kufikira lero lino, kungoti tsopano mwalawo amauphika m'ng'anjo zazikulu zachitsulo zozungulira. Ndipo mwa mayiko amene amaukumba wochuluka muli China, Mexico, Mongolia ndi South Africa.

Zaka zana zotsatirapo zidali za misozi. Akatswiri adazindikira kuti m'asidiyo mudabisala chinthu chimene diso la munthu lidali lisanachione pachokha, ndipo pofunitsitsa kuchitulutsa, ambiri adapuma utsi wake osadziwa kuti akudzikumbira dzenje. Humphry Davy wa ku England adavulala, Gay-Lussac ndi Thénard a ku France adadwala, abale awiri a ku Ireland, Thomas ndi George Knox, adagona pamphasa nthawi yaitali, ndipo Paulin Louyet wa ku Belgium ndi Jérôme Nicklès wa ku France adatsikira nazo kuli chete.

Wopambana adali Henri Moissan wa ku Paris, wophunzira wa Edmond Frémy, mphunzitsi amene adapeza njira yopangira HF wopanda ngakhale dontho la madzi. Pa 26 June 1886, Moissan adathira HF wotereyu m'chubu cha platinamu chopindika monga chilembo cha U, natseka kukamwa kwake ndi zivindikiro zosemedwa kuchokera ku mwala wa fluorspar womwewo, nachiziziritsa kwambiri kuti mankhwalawo asauluke, ndipo atapititsamo magetsi mudatuluka mpweya waukali umene udayatsa silicon moto utangomukhudza. Ameneyo ndiye adali fluorine. Koma akuluakulu a bungwe la sayansi la ku France atabwera kudzaona ndi maso awo, sipadatuluke kanthu, pakuti Moissan, pofuna kuwalandira ndi zinthu zangwiro, adayeretsa HF wake mopitirira, nachotsamo ndi mchere wa potaziyamu umene unkanyamula magetsiwo. Ataubwezeramo mcherewo zonse zidayenda, pakuti HF wangwiro, monganso madzi angwiro, salola magetsi kudutsa bwino. Moissan adalandira mphotho ya Nobel mu 1906, namwalira mu February chaka chotsatira.

Manambala okana lamulo

Fluorine ali ndi abale ake atatu odziwika, chlorine, bromine ndi iodine, ndipo aliyense wa iwo amagwirizana ndi haidrojeni n'kupanga molekyu ya maatomu awiri. Lamulo la pabanjapa n'lakuti molekyu ikapepuka, imawiranso msanga: ya iodine, yolemera koposa, imawira pa madigiri 35 kunsi kwa ziro, ya bromine pa 67 kunsi kwa ziro, ndipo ya chlorine pa 85 kunsi kwa ziro. Tikadatsata mzere umenewu, HF, amene ndiye wopepuka mwa onse, akadawira pa madigiri pafupifupi 100 kunsi kwa ziro. Koma taonani, iye amawira pa madigiri 19.5 pamwamba pa ziro, kutanthauza kuti m'mawa wozizira wa mwezi wa June angakhale phee m'chotengera, pamene masana a mwezi wa October angawire popanda womusonkhezera moto. Kuti aume gwa, pamafunika kuzizira kwa madigiri pafupifupi 84 kunsi kwa ziro.

Pa kukana lamulo kumeneku HF afanana ndi madzi, amenenso amawira mochedwa kuposa momwe kupepuka kwa molekyu yawo kukadalolera. Afanananso pa mphamvu yosungunula mchere wamitundumitundu, pakuti muyeso wa mphamvu imeneyi pa madigiri 0 ndi pafupifupi 84 kwa HF ndi 88 kwa madzi, pamene mafuta ambiri safika ngakhale pa 5. Koma ubalewo uthera pomwepo. Pa kuzizira komweko HF amayenderera mosavuta kuposa madzi pafupifupi kasanu ndi kawiri, ndipo kakhungu ka pamwamba pake, kamene m'madzi kamanyamula tizilombo toyenda padziwe, n'kofooka kasanu ndi kawirinso. Kuti asanduke nthunzi, safuna ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a kutentha kumene mamolekyu a madzi ochuluka chimodzimodzi amafuna. Madzi akauma amayandama pa madzi anzawo, koma HF wouma amamira mwa HF mnzake. Ndipo chodabwitsa china n'chakuti akasungunulidwa m'madzi ambiri amakhala asidi wofooka poyerekeza ndi abale ake, pamene akakhala yekha wopanda madzi amayima m'gulu la maasidi aukali koposa.

Ukonde ndi zingwe

Zonsezi zili ndi muzu umodzi. Mwa maatomu onse a m'chilengedwe, palibe yaumbombo pa maelekitironi ngati ya fluorine. Linus Pauling, popanga muyeso wa umbombo umenewu, adaiika pamwamba penipeni ndi nambala 4. Choncho m'molekyu ya HF maelekitironi amakokedwera ku mbali ya fluorine, haidrojeni n'kutsala pafupifupi wamaliseche, ndipo molekyuyo imakhala ndi nsonga ziwiri za mphamvu zamagetsi zosiyana, zimene zimakokana ndi nsonga za molekyu yoyandikana nayo. Haidrojeni wa molekyu ina amakakamira kwa fluorine wa inzake, osati mwamphamvu monga akakamirira kwa fluorine wake, koma mokwanira kuti kulekana kukhale kovuta. Kugwirana kotereku adakufotokoza Wendell Latimer ndi Worth Rodebush ku Berkeley m'chaka cha 1920, ndipo ndiko kumachedwetsa kuwira kwa madzi ndi kwa HF yemwe.

Kusiyana kwagona pa chiwerengero. Molekyu ya madzi ili ndi mahaidrojeni awiri opereka ndi malo awiri olandirira, motero imagwirana ndi zinzake pafupifupi zinayi, ndipo zonse pamodzi zimalukana mbali zonse monga ukonde wa msodzi, umene ukaukoka pangodya imodzi umagwedezeka wonse. Molekyu ya HF ili ndi haidrojeni mmodzi yekha. Ipereka kumodzi, ilandira kumodzi, ndipo chotulukapo si ukonde koma zingwe zosalukana, zongounjikana. Mfundo iliyonse ya m'zingwezi ndi yolimba kuposa mfundo ya mu ukonde wa madzi, koma popeza mfundozo n'zochepa ndi theka, HF amawira madzi asanayambe n'komwe kutentha. Ndipo popeza chingwe chimatha kutsetsereka pambali pa chinzake popanda kudula kanthu, iye amayenderera mosavuta chotero.

Zingwezi si zongoganizira ayi. Mu 1954, Masao Atoji ndi William Lipscomb ku Minnesota adawalitsa kuwala kwa X-ray pa HF wouma, napeza mamolekyu atandandalikana m'zingwe zazitali zokhotakhota, chilichonse chikupindikira uku ndi uku pa molekyu iliyonse. Mu 1968, Jay Janzen ndi Lawrence Bartell adaonetsa kuti ngakhale mu nthunzi mamolekyuwa salekana onse, koma ambiri amauluka atagwirana m'timagulu tozungulira, makamaka ta asanu ndi limodzi. Ndipo n'chifukwa chake kusanduka nthunzi kumafuna kutentha kochepa, pakuti mfundo zambiri zimachoka zili zomangika. Mu 1972, Thomas Dyke, Brian Howard ndi William Klemperer ku Harvard adayeza mamolekyu awiri okha ogwirana, opanda wachitatu.

Apa m'pamene pali mtima wa nkhaniyi, ndipo tiyenera kudekhapo. Mitunda ya pakati pa maatomu imayezedwa m'mapikomita, ndipo mumilimita imodzi muli mapikomita 1,000,000,000. Mamolekyu a HF akakhala awiri okha, mtunda wochoka pa fluorine wina kufika pa mnzake umapitirira mapikomita 270. Koma m'chingwe chachitali cha HF wouma mtundawo ndi 249 basi. Mamolekyuwo ndi omwewo, komabe akachuluka amayandikana ndi kugwirana molimba kuposa akakhala awiri, pakuti molekyu imene yalandira haidrojeni wa inzake imasunthidwa maelekitironi ake, nsonga zake zimakula mphamvu, ndipo imakoka yotsatira mwamphamvu koposa, yotsatirayonso n'kuchita chimodzimodzi kwa ina, kufikira chingwe chonse chitalimbitsana chokha. Indedi mutu umodzi susenza denga.

Kuona m'kati mwa HF wamadzimadzi ndiko kudavuta koposa, chifukwa zotengera zagalasi zimene akatswiri adazolowera sizikadapirira, ndiponso haidrojeni wamba amasokoneza miyeso yochitidwa ndi tizidutswa totchedwa manyutroni, kotero kuti padafunika kupanga mankhwalawa ndi haidrojeni wolemera wotchedwa deuterium. John Dore ndi anzake adachita zimenezi ku Grenoble, m'dziko la France, nafalitsa zotsatira zake mu 1985. Ndipo mu 2004 Sylvia McLain ndi anzake, pogwiritsa ntchito makina a ku Argonne pafupi ndi Chicago, adapeza kuti mu HF wamadzimadziyo muli zingwe zazifupi zopindikapindika, zambiri zosafika mamolekyu khumi, ndi kuti mtunda wa mafluorine oyandikana ndi pafupifupi mapikomita 250. Koma miyeso yotereyi sijambula chithunzi cha molekyu iliyonse. Imangonena kuti pa mtunda wakutiwakuti pamapezeka maatomu ochuluka mwakuti. Kuti manambalawo asanduke chithunzi chomveka, pafunika njira ina.

Kabokosi ka m'kompyuta

Njirayo ndi kumanga chifaniziro cha mankhwalawo ndi masamu. Katswiri amauza kompyuta kuti iyerekeze kabokosi kakang'ono, naikamo mamolekyu mazana angapo, naiuzanso lamulo lonena mphamvu imene molekyu iliyonse imakokera kapena kukankhira inzake pa mtunda uliwonse. Kuti kabokosiko kasakhale ndi makoma, amakonza kuti molekyu yotulukira kudzanja lamanja izilowanso nthawi yomweyo kudzanja lamanzere, kotero kuti iliyonse imakhala ngati ili pakatikati pa zinzake zambiri. Pamenepo kompyuta imawerengera mphamvu zonse zokoka molekyu iliyonse, n'kuisuntha pang'ono potsata malamulo a Isaac Newton, n'kuwerengeranso, n'kuisunthanso. Ndipo sitepe iliyonse imaimira kanthawi kochepa kwambiri, gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000,000 a sekondi. Ikabwereza zimenezi kambirimbiri, katswiriyo amatha kuona zingwe zikumangika, zikuduka, zikulumikizananso, ndipo amawerengera kulemera kwa mankhwalawo, kutentha kofunika kuti awire, ndi mitunda ya maatomu, kuti ayerekeze ndi zimene zidayezedwa ndi manja.

Luso limeneli lidayamba pa zinthu zina. Mu 1953, Nicholas Metropolis ndi anzake ku Los Alamos adafalitsa njira yosuntha tizidutswa mwamaere, imene imatchedwa Monte Carlo. Mu 1964, Aneesur Rahman, wobadwira ku Hyderabad m'dziko la India, adatsatira kayendedwe ka maatomu 864 a argon. Ndipo mu 1971 iye pamodzi ndi Frank Stillinger adachita chimodzimodzi ndi mamolekyu 216 a madzi. HF adafikiridwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene William Jorgensen kumbali ina, ndi Michael Klein ndi Ian McDonald kumbali inanso, adayamba kumuwerengera.

Vuto loyamba lidali kukhota kwa zingwe. Munthu akaika mphamvu yamagetsi pa maatomu awiri okhawo, mamolekyu a m'kompyuta amakonda kundandalikana mowongoka, zimene HF weniweni sachita. Choncho adawonjezera malo achitatu a mphamvu yamagetsi pakati pa maatomu awiriwo, pamene palibe atomu konse, ndipo zingwe zidayamba kukhota monga ziyenera. Vuto lachiwiri lidali louma mutu. Zifaniziro zoyambazo zinkatenga molekyu ngati chinthu chosasintha, ndipo zinkangowonkhetsa kukokana kwa mamolekyu awiriawiri. Tsono lamulo likatengedwa pa mamolekyu awiri okha, mamolekyu a m'kompyuta ankatuluka ogwirana mofooka, ndipo likakonzedwa kuti liyenerane ndi HF wamadzimadzi pa kutentha kwina, linkaphonya pa kutentha kwina kapena pa nthunzi. Chofunda chake chidali chachifupi nthawi zonse, chifukwa chidasiya kunja chinthu chomwe chija chimene chimapanga HF kukhala HF, ndicho kusandulika kwa molekyu pakati pa zinzake.

M'chaka cha 1997 mudaoneka njira ziwiri zothetsera vutoli. Pál Jedlovszky wa ku Hungary ndi Renzo Vallauri wa ku Italy adapanga chifaniziro chimene molekyu yake imasintha mphamvu ya nsonga zake molingana ndi oyandikana nayo, ndipo chidayandikira choonadi kuposa zakale. Ursula Röthlisberger ndi Michele Parrinello adatsata njira yolemetsa koposa, imene Parrinello yemweyo adaiyambitsa ndi Roberto Car ku Trieste mu 1985: m'malo mopatsa kompyuta lamulo lokonzeratu, amaiuza kuti pa sitepe iliyonse iwerengere kumene maelekitironi ali, kotero kuti kusandulika kwa molekyu kumadzionekera kokha. Mtengo wake ngwakuti ntchitoyo imadya nthawi yochuluka, motero adangokhoza kutsatira mamolekyu makumi angapo kwa kanthawi kochepa. Komabe zingwe zokhotakhota zija zidaoneka popanda wozilamula. Ntchitoyi ikupitirirabe, pakuti haidrojeni ndi wopepuka kwambiri kotero kuti malamulo a Newton samufotokoza mokwanira, ndipo chifaniziro chokhoza pa kaimidwe ka maatomu chimatha kuphonya pa kulemera kwa mankhwalawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phindu la khama lonseli

Wina angafunse kuti munthu wamba apindulanji ndi zimenezi. Yankho n'lakuti pafupifupi fluorine yense wogwiritsidwa ntchito m'mafakitale amalowera pakhomo la HF. Mpweya woziziritsa m'mafiriji, Teflon wa m'mapoto osamata chakudya, mchere wosungunulira aluminiyamu, petulo wabwino woyengedwa m'mafakitale ena a mafuta, tizipangizo ta silicon ta m'mafoni ndi mabatire ake a lithium, zonsezi zimadalira iye. Uranium wonga wa ku Kayelekera m'boma la Karonga, akafika kumayiko kumene amamuyenga, amakumana ndi HF asanasanduke mafuta a magetsi a nyukiliya. Ndipo molekyu ya dolutegravir, imodzi mwa mankhwala otalikitsa moyo amene abale athu ambiri amamwa tsiku ndi tsiku, ili ndi maatomu awiri a fluorine.

Chinthu chofunika chotere chimanyamulidwa m'matanki akuluakulu, ndipo ngozi sizilephera. HF akagwera pakhungu samangopsereza pamwamba monga maasidi ena, koma amalowerera m'mnofu, ndipo ngati ali wosungunulidwa m'madzi ululu ungachedwe maola angapo, munthu n'kumayesa kuti ali bwino pamene mankhwalawo akulanda kashiamu wa m'thupi, kufikira mtima utasokonezeka kagundidwe. N'chifukwa chake pamalo pogwirira ntchito ndi HF pamayenera kukhala madzi ambiri otsukira ndi mafuta opaka a calcium gluconate. Mu 1986, akatswiri adatulutsa dala HF wotentha wotsekeredwa mwamphamvu m'chipululu cha Nevada, ndipo m'malo mokhuthukira pansi n'kupanga chithaphwi monga ambiri ankayembekezera, iye adasanduka mtambo wolemera wokwawa pansi, umene udali woopsabe pa mtunda wa makilomita angapo, ngakhale kuti molekyu imodzi ya HF ndi yopepuka kuposa mpweya umene timapuma. Kuzizira kwa mtambowo, timadontho take, ndi kugwirana kwa mamolekyu kuja, ndizo zidaukanikizira pansi. Pa 27 September 2012, ku Gumi m'dziko la South Korea, HF adatayika pafakitale ina, antchito asanu adamwalira, anthu zikwi adapita kuchipatala, ndipo mbewu za m'minda yoyandikana zidafota.

Palibe angatayire dala matani a HF pafupi ndi mudzi kuti aone kumene mtambo ukathere, ndipo n'zochepa nyumba zofufuziramo zimene zingamuyeze pa kutentha ndi kupanikizika kulikonse kumene injiniya afuna kudziwa. Mipata yotsalayo imadzazidwa ndi masamu, ndipo masamuwo ndiwo amathandiza kunena kukhuthala kwa thanki, kukula kwa mapaipi, ndi mtunda umene nyumba za anthu ziyenera kutalikira. N'chifukwa chake owerengera sayenera kutopa kubwerera ku miyeso ya ku Grenoble ndi ku Argonne, ndi ku manambala a kuwira ndi kulemera amene ena adawapeza poika matupi awo pachiswe. Pakuti chifaniziro chimene sichidayesedwe pa miyeso yotere sichiyenera kukhulupiriridwa, ngakhale chitaoneka chokongola motani pakompyuta, ndipo chimene chayesedwa n'kupambana chimateteza anthu okhala pafupi ndi fakitale amene sadzamva n'komwe dzina la wochipanga.